Camshaft yadyeka pa Hilux ya injini ya 22R: tigule yofanana ndi yakale kapena yowonjezera mphamvu?

Mwini Hilux, Dedza:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi Toyota Hilux ya 1990, ya injini ya petulo ya 22R, ya kabureta, ndipo ntchito yake ndi kunyamula mbatatesi ndi kabichi kuchoka kuno kupita kunyanja kudzera ku Golomoti, pobwerera n'kutenga mpunga kapena katundu aliyense amene wapezeka. Potsika palibe vuto, koma pokwera Khwekhwelere galimoto ikufuna giya yachiwiri pamalo pamene kale inkadutsa ndi yachitatu, ndipo pamwamba pa injini pakumveka kugogoda kumene sikutha ngakhale injini itatentha. Makaniko amene anatsegula chivundikiro cha pamwamba wandionetsa ma lobe awiri a camshaft, timitumbira ta pa shafuti imene imatsegula mavalavu, amene adyeka mooneka ndi maso. Popeza kugula ina sikungalephereke, ndikuganiza zogula yowonjezera mphamvu m'malo mwa yofanana ndi ya kufakitale. Kodi maganizo amenewa ndi abwino, nanga ndi ziti zina zoyenera kusinthira limodzi?

Wokonda liwiro, Lilongwe:
Achimwene, mwayi wake ndi umenewu, musautaye. Itanitsani camshaft ya madigiri 288, imene imasunga mavalavu otseguka nthawi yaitali, kuchokera ku South Africa, muikenso kabureta ya Weber 32/36 pamodzi ndi mapaipi a ekizozi aja amati branch. Injini ya 22R ndi yolimba kwambiri, koma anaipanga yaulesi dala, ndipo ikapatsidwa mpweya wokwanira imasintha kwambiri moti mungaiiwale kuti ndi yomwe ija.

Makaniko wamkulu, Ndirande:
Mphwanga wa ku Lilongwe, zimene mwanenazo n'zoona pa galimoto yopanda katundu yothamanga pamsewu wosalala, koma bambowa anena poyera kuti vuto lawo lili pachitunda atasenza matumba. Camshaft ya 288 imayamba kugwira ntchito yake injini ikafika pa 3,500 rpm, ndiye kuti kuzungulira ka 3,500 pa mphindi imodzi, kupita m'mwamba, pamene munthu wokwera phiri ndi katundu amakhala pakati pa 2,000 ndi 3,000. Pamenepo camshaft yotereyi imakoka mochepa kuposa ya kufakitale yomwe. Bambo a ku Dedza, musanatulutse ndalama ina iliyonse, pimitsani compression, mphamvu yopanikiza mpweya, ya masilinda onse anayi injini ili yotentha, mutiuze manambala ake. Ngati maling'i a mapisitoni atha, palibe camshaft imene ingabweze mphamvu imene ikuthawira pansi. Mutiuzenso kukula kwa matayala amene mwaika, chifukwa ambiri amaika matayala aakulu kuposa oyenera kenaka n'kumaimba mlandu injini.

Mwini Hilux, Dedza:
Matayala ndi a kukula kwake komwe kuja, sindinasinthe. Compression tapima ndipo masilinda onse anayi ali pafupipafupi, kusiyana kwake sikukufika pa 10 peresenti, ngakhale kuti manambala onse ndi otsikirapo poyerekeza ndi a m'buku. Utsi wabuluu umatuluka pang'ono m'mawa pongoliza, kenaka umasiya.

Mphunzitsi wa zamagalimoto, Blantyre:
Manambala otsikirapowo asakudetseni nkhawa, bambo, chifukwa a m'buku amapimidwa pamalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, pamene inu muli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 100 alionse amene yakwera. Izi zikutanthauza kuti galimoto yanu ikamafika pamwamba pa Khwekhwelere imakhala ndi mphamvu yochepa kuposa imene inali nayo ku Golomoti, ngakhale chilichonse chili bwino. Utsi wa m'mawawo ukuloza ku ma seal a mavalavu, osati ku maling'i.

Ndifotokoze chifukwa chake akulu a ku Ndirande akukana camshaft yaikulu, kuti musangomvera chabe. Camshaft imalamula zinthu zitatu: kuti valavu itseguke kwambiri bwanji, imene amati lift, kuti ikhale yotseguka nthawi yaitali bwanji, imene amati duration, ndi nthawi imene valavu yolowetsa mpweya ndi yotulutsa utsi zimakhala zotseguka pamodzi, imene amati overlap. Pa zonsezi, chofunika kwambiri kwa munthu wonyamula katundu ndi nthawi imene valavu yolowetsa imatsekeka. Valavu imeneyi siitsekeka pisitoni ili pansi penipeni, koma imachedwa mpaka pisitoni itayamba kale kukwera. Injini ikamazungulira mofulumira, kuchedwako kumathandiza, popeza mpweya umakhala ukuthamanga ndipo umapitiriza kulowa ngakhale pisitoni yatembenuka. Koma injini ikamazungulira pang'onopang'ono, mpweya ulibe liwiro limenelo, ndiye pisitoni imaukankhira kubwerera kumene wachokera valavu isanatsekeke. Camshaft ya duration yaitali imachedwetsa kutsekekako kwambiri, motero pa 2,000 rpm silinda imatsala ndi mpweya wochepa woti iupanikize. Mukaphatikiza zimenezi ndi mpweya wopepuka wa ku Dedza, mwaluza kawiri. Chimene chingakuthandizeni ndi camshaft yokhala ndi lift yokwererapo pang'ono koma duration yosatalikirana kwambiri ndi ya kufakitale, imene ogulitsa amaitcha torque cam kapena towing cam.

Wokonda liwiro, Lilongwe:
Mayi mphunzitsi, ndamva, koma kodi vuto lake lili pati ngati atangotsitsa giya n'kumakwera injini ili pa 4,500 rpm? Mphamvu yonse ya camshaft yaikulu ili pomwepo, ndipo adzafika pamwamba msanga kuposa panopa.

Mphunzitsi wa zamagalimoto, Blantyre:
Zingatheke pamalo owongoka, koma msewu umenewo ndi wokhotakhota, ndipo pakona iliyonse ayenera kuchepetsa liwiro kenaka n'kuyambanso kukoka kuchokera pansi. Pamenepo ndi pamene klatchi imapsera. Ganiziraninso za petulo amene injini ya 2,366 cc imamwa ikamakhala pa 4,500 rpm kwa mphindi zambiri, komanso kutentha kwake, pa galimoto imene radiyeta yake yatumikira zaka zoposa 30.

Wa ku Joni, wogwira ntchito yokonza mahedi:
Ndiwonjezepo chenjezo pa nkhani ya manambala, popeza zinthu zimenezi zimadutsa m'manja mwanga kuno ku Johannesburg. Nambala ija ya 260, 270 kapena 288 imene anthu amatchula ndi ya malonda, ndipo kampani iliyonse imaipima kuyambira pamene yafunira, kotero camshaft ziwiri zolembedwa 270 zikhoza kukhala zosiyana kwambiri. Nambala yodalirika ndi duration yopimidwa lift ikafika pa 0.050 inchi, amene ndi mamilimita 1.27, ngakhale kuti ena amapima pa milimita imodzi, choncho funsani kuti apima pati. Pa ntchito ya bambowa ine sindingapitirire madigiri 215 pa muyeso wa 0.050, ndipo ndingasankhe lobe separation, kutalikirana kwa lobe yolowetsa ndi yotulutsa, ya pakati pa madigiri 110 ndi 112 kuti overlap isachuluke. Wogulitsa aliyense wodziwa ntchito yake amapereka kapepala kolembedwa manambala onsewa pamodzi ndi mpata wa mavalavu woyenera camshaft imeneyo. Akakana kupereka kapepalako, kagulireni kwina.

Chachiwiri, funsani ngati camshaft ndi yatsopano kapena ndi yakale imene aipala kuti isinthe maonekedwe a ma lobe. Yopalidwa imatsika mtengo ndipo ikapangidwa bwino imagwira ntchito, koma popala amadya kumsana kwa lobe, ndiye rocker, chitsulo chimene lobe imakankha kuti chitsegule valavu, imakhala mopendekeka mosiyana ndi kale, ndipo akapala mopitiriza amachotsa khungu lolimba la pamwamba n'kufika pa chitsulo chofewa. Ndinaonapo ina yochokera pa shopu ina imene inabwerera itadyeka mwini wake asanasinthe n'komwe oyilo kachiwiri.

Mwini Hilux, Dedza:
Zikomo achimwene, za kapepalako sindinkazidziwa. Tsopano funso langa ndi la ndalama. Makaniko wanga akuti tikhoza kungomasula ma rocker, kuchotsa camshaft yakale, kuika yatsopano n'kubwezeretsa ma rocker omwewo, osakhudza hedi, chigawo cha pamwamba pa masilinda. Kodi njira imeneyi ndi yotheka?

Makaniko wamkulu, Ndirande:
Pa injini zina zimatheka, koma pa 22R pali msampha. Mabawuti khumi amene amagwira ma rocker ndi omwewo amene amamanga hedi ku block. Mukawamasula kuti muchotse ma rocker, mwamasulanso hedi, ndipo gasiketi imene yakhala yopanikizika zaka zambiri siigwiranso chimodzimodzi mukaimanganso. Alipo amene amachita mwayi, koma ambiri amabwerera patapita miyezi yochepa madzi akulowa mu silinda. Popeza ma seal a mavalavu akufunika kusintha kale, chotsani hedi yonse, mugule gasiketi yatsopano, ntchito ichitike kamodzi. Muuzeni makaniko wanu asaiwale kabawuti kakang'ono kamene kali kutsogolo kwa hedi, pansi pa giya ya camshaft, kamene kamabisika m'kadziwe ka oyilo. Anthu ambiri athyola hedi kapena chivundikiro cha tcheni poikanula ndi chitsulo osadziwa kuti kabawuti kameneka kadakagwira. Pomanga, mabawuti khumi aja amafuna 78 Nm, pang'onopang'ono kuyambira pakati kupita kunja, ndi torque wrench, osati ndi paipi yowonjezera pa sipanala.

Za ma rocker akale, yankho langa ndi lakuti ayi. Tengani rocker imodzi ya pa lobe yodyekayo, muipukute, muyendetse chikhadabo pa kachitsulo kamene kamakhudzana ndi camshaft. Mudzamva kakhwawa pakati pake, ndipo mukaiyang'anitsa padzuwa mudzaona timizere totsatira njira imene lobe inkadutsa. Camshaft ndi rocker zimadyana mpaka kuzolowerana, ndiye rocker yokumbikayo ikakumana ndi lobe yatsopano imakhudza pa nsonga ziwiri zokha m'malo mokhudza ponseponse, ndipo imaiwononga msanga. Yang'ananinso nsonga za timabawuti tosinthira mpata, timene timagunda pamutu pa valavu. Tikaphwanyika kapena mutu wa valavu ukakumbika, feeler gauge yopimira mpata imadutsa pamwamba pa dzenjelo n'kukunamizani kuti mpata uli bwino pamene ndi waukulu, ndipo n'chifukwa chake kugogoda kwina sikutha ngakhale mutasintha mpata kangati. Gulani ma rocker onse asanu ndi atatu, ndipo mashafuti awo muwapime, akakhala ndi masitepe muwasinthenso.

Pali funso limene palibe wafunsa: n'chifukwa chiyani ma lobe awiriwo anadyeka? Oyilo amafika pamwamba kudzera m'timabowo tating'ono, ndipo matope a oyilo wakale akatitseka, camshaft yatsopano idzafa imfa yomweyo. Tsukani njira zonse za oyilo ndi kuzipopera mpweya. Onaninso malo amene camshaft imagonapo, chifukwa pa injini imeneyi imazungulira pa aluminiyamu ya hedi yeniyeniyo popanda ma bearing osintha, ndipo malowo akakandika kwambiri ndiye kuti hedi yatha.

Wa ku Joni, wogwira ntchito yokonza mahedi:
Akulu anena zoona, ndipo hedi ikatsika musasiye tcheni cha timing. Ma 22R ambiri a zaka zimenezo ali ndi tcheni cha mzere umodzi ndi ma guide a pulasitiki. Tcheni chikatamuka chimamenya guide mpaka kuithyola, kenaka chimayamba kudya chivundikiro cha aluminiyamu, ndipo kuseri kwa malo amene chimadyawo kumadutsa madzi. Chikaboola, madzi amasakanikirana ndi oyilo. Gulani seti yonse ya tcheni, magiya awiri, tensioner ndi ma guide okhala ndi chitsulo kumsana. Mukapeza kuti guide yakale inathyoka kale, tsitsani sampu muchotse zidutswa zake, chifukwa zimakatseka sefa ya pampu ya oyilo, ndipo mwina n'kumene kunayambira njala ya oyilo pamwambapo. Poitanitsa, tchulani chaka cha injini osati cha galimoto, popeza mu 1985 anasintha kutalika kwa block, kotero tcheni ndi hedi za injini zakale sizigwirizana ndi za pambuyo pake, ndipo magalimoto ambiri a msinkhu umenewu anasinthidwapo injini.

Ngati hedi ifunika kusikima, ndiye kuti kuipala kunsi kuti isalale, auzeni achotse zochepa zimene zingatheke ndipo akuuzeni kuchuluka kwake. Pa injini ya camshaft ya pamwamba, kusikima kumayandikizitsa camshaft ku crankshaft, tcheni chimatsala ndi mpata, ndipo camshaft imachedwa ndi madigiri angapo. Kuchedwa kumeneku kumasunthira mphamvu kumtunda kwa rpm, chimene ndi chosemphana ndi zimene bambowa akufuna. Hedi imene yasikimidwapo kangapo imafuna giya ya camshaft yosinthika, kuti muibwezere pamalo pake kapena kuitsogoza ndi madigiri awiri kuti ikoke bwino pansi.

Wokonda liwiro, Lilongwe:
Chabwino, pa camshaft ndagonja, koma masipuling'i a mavalavu aike olimba aja apawiri. Akale atopa, ndipo olimba amateteza mavalavu kuti asayandame, ndiye kuti asalephere kutseka pa nthawi yake.

Mphunzitsi wa zamagalimoto, Blantyre:
Kuti akale atopa ndikuvomereza, ndipo asinthidwe, koma kulimba kopitiriza si chitetezo. Kuyandama kwa mavalavu kumachitika pa rpm yapamwamba imene galimoto iyi siifikako, pamene sipuling'i yolimba imapanikiza rocker pa lobe nthawi zonse, ngakhale pa idling, ndipo imafulumizitsa kudyeka. Gulani masipuling'i amene wopanga camshaft walemba pa kapepala kaja, ndipo pa torque cam nthawi zambiri amakhala ofanana ndi a kufakitale. Chofunika ndi kupima. Valavu ikatseguka mpaka pamapeto, sipuling'i iyenera kutsala ndi mpata wa pafupifupi mamilimita 1.5 isanapanikizike yonse, ndipo chipewa chogwira sipuling'i chisagunde seal ya valavu. Pimaninso mpata wa pakati pa valavu ndi pisitoni, makamaka ngati hedi yasikimidwa. Ikani dongo lofewa la ana pamwamba pa pisitoni, mupake oyilo pa mavalavu kuti lisamatirire, mumange hedi ndi gasiketi yakale, muzungulitse injini ndi dzanja kawiri, kenaka mumasule. Dongolo mudzalipeza litadindika ndi m'mphepete mwa valavu. Lidulani ndi lezala pamalo opyapyala kwambiri n'kulipima, ndipo lisachepere mamilimita 2 ku valavu yolowetsa ndi 2.5 ku yotulutsa, popeza yotulutsa imatalika ikatentha.

Mwini Nissan 1400, Zomba:
Pepani polowerera, koma nkhaniyi ikundikhudza. Kodi malangizo amenewa akugwiranso ntchito pa injini ya A14, kapena ndi ya Toyota yokha? Ndamvanso kuti camshaft yaikulu imaumitsa pedulo ya mabuleki, ndipo ine ndimatsika phiri la Zomba kawirikawiri.

Makaniko wamkulu, Ndirande:
Za kasankhidwe ka camshaft n'zofanana, koma ntchito yake ndi yosiyana. Pa A14, monganso pa 4Y ya Toyota, camshaft ili m'kati mwa block ndipo imakankha mavalavu kudzera mu ma lifter ndi ma pushrod, choncho chimene simuyenera kubwezeretsa chakale ndi ma lifter. Za mabuleki n'zoona, chifukwa booster, imene imafewetsa pedulo ya mabuleki, imadalira vacuum, mphamvu yokoka mpweya ya mu manifold, ndipo overlap ikachuluka vacuum imatsika. Koma potsika phiri muli mu giya, phazi mutalichotsa pa moto, vacuum imakhala yokwanira. Pamene pamavuta ndi pa idling, monga poyenda pang'onopang'ono pamsika kapena pobwerera m'mbuyo ndi katundu, mukaponda kawiri kachitatu n'kupeza pedulo yauma.

Mwini Hilux, Dedza:
Ndasankha torque cam yatsopano, ma rocker atsopano, masipuling'i, ma seal, gasiketi ndi seti ya tcheni. Weber ndi branch zidikire kaye. Kodi poliza koyamba pali chofunika kusamala?

Wa ku Joni, wogwira ntchito yokonza mahedi:
Mphindi zoyambirirazo ndi zimene zimagamula moyo wa camshaft. Pakani ma lobe ndi ma rocker mafuta apadera oikira injini, aja a moly, ndipo konzekerani zonse kuti injini ilire msanga osaiguza nthawi yaitali ndi sitata, chifukwa kuguzako kumapukuta mafutawo oyilo asanafike. Dzazani petulo mu kabureta, onetsetsani kuti distributor yalowa pa dzino loyenera, madzi adzaze, batire ikhale yamphamvu. Ikangolira, ikwezeni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm ndipo muisunge pamenepo kwa mphindi 20 mpaka 30, mukusinthasintha pang'ono, osailola kutsika pa idling. Pakaoneka kudontha kapena kutentha, izimitseni, mukonze, muyambirenso pa rpm yomweyo. Mukatha, sinthani oyilo ndi filita, kenaka musinthenso mutayenda makilomita pafupifupi 800.

Oyilo akhale wokhala ndi zinc wokwanira, amene amalembedwa kuti ZDDP, chifukwa ndiye amateteza zitsulo zokhulana ngati lobe ndi rocker. Oyilo wopyapyala wa magalimoto amakono, monga 5W-30, anamuchepetsa mankhwala amenewa pofuna kuteteza catalytic converter. Wa 20W-50 kapena wa dizilo wa 15W-40 nthawi zambiri amakhala nawo ochulukirapo, ndipo ndiye woyenera injini ya msinkhu umenewu m'dziko lotentha.

Mphunzitsi wa zamagalimoto, Blantyre:
Pambuyo pake musaiwale kuti camshaft yatsopano imasintha kapumidwe ka injini, choncho timing ya moto ndi kabureta ziyenera kukonzedwanso ndi timing light, osati ndi khutu lokha. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amachepetsa pang'ono kunona kwa chisakanizo, pamene mpweya wopepuka wa kumtunda umachita zosemphana ndi zimenezo, ndiye musathamangire kusintha majeti musanaone mtundu wa mapulagi mutakwera phiri ndi katundu. Timing muiyesere kumunsi ku Golomoti kukutentha, chifukwa injini imene siilira ngati timiyala ku Dedza ikhoza kuyamba kutero kumeneko, kumene mpweya ndi wolemera. Musayembekezere zodabwitsa: gawo lalikulu la mphamvu imene mudzaimve lidzachokera pa kubwezeretsa ma lobe awiri aja ndi tcheni chosatamuka, ndipo torque cam idzangowonjezerapo pang'ono pamwamba pake.

Mwini Hilux, Dedza:
Funso lomaliza, akulu a ku Ndirande. Mpata wa mavalavu tiike wotani, ndipo tiusinthe liti?

Makaniko wamkulu, Ndirande:
Wa kufakitale ndi mamilimita 0.20 ku mavalavu olowetsa ndi 0.30 ku otulutsa, injini ili yotentha, koma ngati kapepala ka camshaft yanu kanena zina, tsatirani kapepalako. Musanalize koyamba ikani mpatawo injini ili yozizira, ndipo ndi bwino upose pang'ono kusiyana n'kuti uchepe, popeza valavu yothina siikhala bwino pampando wake ndipo imapsa. Mukamaliza mphindi 30 zija, sinthaninso injini idakali yotentha. Ikani silinda yoyamba pamwamba pa compression, chizindikiro cha pa pulley chili pa ziro ndipo ma rocker onse awiri a silinda imeneyo akugwedera, kenaka musinthe olowetsa a silinda 1 ndi 2 ndi otulutsa a silinda 1 ndi 3. Zungulitsani crankshaft kamodzi mpaka chizindikiro chibwerere pa ziro, musinthe olowetsa a 3 ndi 4 ndi otulutsa a 2 ndi 4. Pomanga natiyo gwirani kabawuti ndi sikuludiraiva kuti kasatembenuke, ndipo mupimenso mukamanga, chifukwa mpata umakonda kusuntha pamenepo. Mudzapimenso tsiku limene mudzasinthe oyilo pa makilomita 800 paja, popeza ma rocker atsopano amakhala akukhazikika.